Dothi Lokazinga la aNamaliya

ANamaliya ndinawadziwira pachulu. Ndinali ndi pakati poyamba, ndipo mtima unkangofuna dothi. Fungo lake likandifika, lija la mvula yoyamba, ndinkasiya mbale zosatsuka. Tsiku lina ndinabenthula kachidutswa pachulu cha kuseri kwa nyumba za asilikali, kufupi ndi Mtakataka. Ndisanaike m'kamwa, mayi wina anandigwira dzanja.

"Taya, mwanawe. Amphaka anga amadzithandiza pompano."

Ndinangoyang'ana pansi. Iwo anaseka. "Nkhope ngati wagwidwa ukuba nkhuku! Tiye kwathu."

Amuna awo, a Goodson, ndi msilikali. ANamaliya akhala akusamuka nawo, kampu iyi, kampu iyo, mbale m'katoni, ndipo kulikonse amaweta amphaka. Amati makoswe saopa yunifolomu. Kuno amaoda mpunga ku Bwanje n'kumagulitsa pakhonde. Amphakawo amagona pamatumba, maso ali tsinzi, michira ikugwedezeka pang'onopang'ono ngati akusambira kutulo.

Pakhondepo pankakhala mwana wawo Sharon, akusankha mpunga ndi zala osayang'ana. Akafuna kukuona amapendeketsa mutu ngati nkhunda. Anandiuza kuti pakati pa maso ake pali mtambo, ndipo anthu amatulukira m'mbali mwake.

"Chaka china kunabwera azaumoyo kudzatiyeza magazi, asilikali ndi mabanja omwe," anatero aNamaliya. "Anapeza kuti ambiri tili ndi tizilombo ta tokisopulazimosisi. Dzina kutalika ngati sitima! Timachokera m'chimbudzi cha mphaka ndi m'nyama yosapsetsa. Nanga abambo a Sharonwa, nyama si amaiphula ikadali kulira? Wamkulu samva kanthu. Koma tikakulowa uli ndi pakati, timapitirira kwa mwana."

"Ine ndinabadwa nato," anatero Sharon, zala zili mumpunga.

Ine ndinali nditadya kale dothi la pachulu chija, osati kamodzi. Kuyambira tsikulo, ndikagona masana pamphasa ndinkalota mwana wanga akuyenda m'minda ya mpunga, nkhungu ili mbuu. Ndinkamuitana, iye n'kumatembenukira kwina, timanja tili patsogolo.

Kusikelo anandiuza kuti ndisiye dothi, ndizisamba m'manja, nyama izipsa bwino. Ndinavomera ndi mutu. Koma aNamaliya ankadziwa kuti lilime la mayi wapakati silimva. Ankakumba dothi lakuya, komwe mphaka safika, n'kulikazinga m'chiwaya mpaka nyumba yonse inunkhire mvula. Akatero ankandipatsa kakang'ono ngati chikhadabo.

"Kongonyengerera lilime aka. Anamwino akamva, ine sindikukudziwa."

Sindinali ndekha. Akazi ena a asilikali ankabweranso, mimba patsogolo, n'kukhala pamatumba a mpunga. Wina anayamba kuwatcha aNamaliya "adokotala a chiwaya". Iwo ankangotakasa, utsi ukukwera mowongoka, maso ali kunjira ya ku Golomoti ngati akudikira galimoto yoti iwasamutsenso.

Ndinachirira kuchipatala cha ku Mua, mwana wamkazi, Chifuniro. Anamwino anati ali bwino, koma ine ndinkangoyang'ana timaso take. Tinkayendayenda ngati tinsomba, osaima pa kanthu.

Chifuniro atakhwimako, aNamaliya anabwera ndi Sharon. Sanakhale n'komwe pansi. Anamasula duku lawo lofiira n'kuliyendetsa pamwamba pa mwanayo, uku ndi uku, mwakachetechete. Timaso tija tinasochera kaye kudenga. Kenako tinaligwira dukulo, n'kulitsatira mpaka kukhomo, n'kubwerera nalo.

"Amayi, akuona?" anafunsa Sharon.

"Akuona ameneyu. Taonani, akufuna kundilanda duku, wakuba ngati mayi ake!"

Ndinaseka, misozi ikugwera pachitenje. Sharon anawerama pafupi, anapendeketsa mutu, n'kumufunafuna mwanayo m'mbali mwa mtambo wake mpaka anamupeza. Chifuniro anasiya duku n'kumamuyang'ana iye.