Mawu a Amuna Anga Anapita ndi Foni pa Namadzi

Inu owerenga, ine ndinaberedwa foni pamsika wa Namadzi. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka kuti nanga imeneyo ndi nkhani, poti mafoni amabedwa tsiku ndi tsiku. Sekani, koma mundimvere kaye. Foniyo inali yakale, galasi lake long'aluka pakona, moti ndikhulupirira kuti wakubayo anadandaula ataiona bwinobwino. Chimene chimandiwawa mpaka lero si foni ayi. M'menemo munali mawu a amuna anga, ndipo amuna angawo masiku ano salankhula.

Ndine mayi wogulitsa tomato ndi mpiru, ndipo mudzi wathu suli patali ndi Namadzi. Amuna anga, abambo a Tadala, anagwirapo ntchito yomanga nyumba ku Joni. Foniyo anabwera nayo ndi iwo nthawi ina ali pa tchuthi. Anagula simu n'kulembetsa ndi chiphaso chawo, anatsegula imelo, anaikamo zonse zofunika, kenako n'kundipatsa ngati nthochi yosenda kale. Ine sindinafunse kanthu. Kwathu kuno za manambala ndi mapepala timasiyira abambo, ife timangoti zikomo.

Atabwerera ku Joni, m'mawa uliwonse ankanditumizira uthenga wa mawu. Kulemba ankadana nako, koma pakamwa, mayo ine! Ankayamba ndi kutsokomola, kenako mumve: "Amake Tadala, mwadzuka? Kapena tomato akudzithirira yekha?" Masiku ena ankaimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu awo achule aja, ine n'kumaseka ndekha kudimba ngati wamisala. Sindinafafanize uthenga ndi umodzi womwe.

Atabwera kudzakhazikika kumudzi, sipanapite nthawi yaitali, anagwa ndi sitiroko ali kumunda. Mbali ya kumanja inafooka ndipo lilime linamangika. Amamva zonse, amayenda ndi ndodo, amakwiya tiyi akachepa shuga, koma mawu satuluka. Kuyambira pamenepo foni ija inasanduka pakamwa pawo. Ndikatopa ndi kuwasamalira, ndinkapita kuseri kwa nyumba n'kuika foni kukhutu, iwo n'kundifunsa ngati ndadzuka. Nthawi zina ndinkawayatsira eni ake n'kumawanena kuti tamverani mmene munkalongololera. Ankaseka mpaka mapewa kugwedezeka.

Mwana wathu Tadala ndi mayi wapabanja, amakhala ku Milepa. Anayesetsa kundichenjeza, ndisamunamizire. Anandiikira loko pafoniyo, ine ndinachotsa chifukwa pamsika manja amakhala onyowa ndipo ndinkachita nayo ulesi. Anandiuza kuti tiyatse zosunga mauthenga pa intaneti kuti foni ikadzatayika mawu a abambo ake adzapezeke. Ndinamuyankha kuti zimenezo zimadya bandulo, nanga foni yanga ipita kuti? Bokosi limene inabweramo ndinali nditakolezera mbaula kalekale.

Tsiku la tsokalo linali la msika. Minibasi yochokera ku Zomba inaima, anthu akuitana tomato pamawindo. Ndinanyamula beseni n'kuthamanga, foni nditaibisa pansi pa chiguduli chimene ndimayalapo malonda. Pobwerera ndinapeza chiguduli chilipo, mpiru ulipo, foni palibe. Mnzanga woyandikana naye, Abiti Juma, anaimba nambala yanga. Inkalira ndithu, koma osayankhidwa. Tinafunsa uku ndi uku, aliyense akuti sanaone.

Apa ndi pamene ndinasokoneza zinthu chifukwa cha chikondi. Kuchipatala anatiuza kuti abambo a Tadala asamamve nkhani zowakweza magazi, choncho ndinaganiza zowabisira. Atandilozera kukhutu kwawo, kusonyeza kuti akufuna kumvera mawu aja, ndinati foni ili kochajitsa. Mawa lake ndinanenanso chimodzimodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, diso la munthu amene wakhala nawe zaka zambiri. Tadala nayenso sindinamuuze, poopa kuti anditi ndinkanena. Ndinkangopita kumsika n'kumayang'ana manja a aliyense wodutsa.

Zinaululika patapita masiku angapo. Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anatulukira pakhomo akulira mokweza, mpango uli kumanja. Anali atalandira uthenga wochokera pa nambala yanga wonena kuti achimwene awo athamangira nawo kuchipatala ali kayakaya, ndiye atumize thandizo msanga. Mwamwayi iwo m'malo motumiza anakwera kabaza. Anapeza wodwala kayakayayo ali pansi pa mtengo wa mango akutafuna chinangwa. Kulira kunathera panjira, ine manyazi anandigwira. Komanso mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa ndinazindikira kuti wakubayo wawerenga nkhani zathu zonse, ndipo mwina wamveranso amuna anga akundiimbira.

Tadala anafika m'mawa mwake. Sanandikalipire, anangoti, "Amayi inu eti!" ndipo zinandikwanira. Anatulutsa foni yake n'kunena kuti n'zotheka kuona pamene pali foni yobedwa, kuiliza ngakhale wakuba ataitseka mawu, komanso kuikhoma uli kutali. Chofunika ndi imelo imene anaitsegulira ndi pasiwedi yake. Imeloyo ankaidziwa, poti abambo ake anamutumizirapo zithunzi. Koma pasiwedi? Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana alamu anga, alamu anga anayang'ana nkhuku.

Tinayamba kulota. Tinayesa dzina la Tadala, inakana. Tinayesa dzina la mudzi wathu, la malemu apongozi anga, ngakhale la galu amene tinali naye kale. Yonseyo inakana. Tinkakangana atatufe pamwamba pa mutu wa mwini wake ngati palibepo, monga mmene anthu timachitira ndi munthu amene wasiya kulankhula. Kenako tinamva ndodo ikugunda pansi mwamphamvu. Abambo a Tadala anatambasula dzanja lamanzere, nkhope ili gwa. Tadala anagwada n'kuwagwirira foni.

Anayamba kudina ndi chala chimodzi chonjenjemera, chilembo n'kupuma, chilembo n'kupuma. Akalakwitsa ankafafaniza okha, osalola kuthandizidwa. Atamaliza, Tadala anawerenga n'kuseka, kenako misozi inalengeza.

"Amayi, tabwerani muone zimene abambowa analemba."

Linali dzina langa la kuutsikana, kutsogolo kwake ataikako mawu akuti wanga. Inu owerenga, musayembekezere kuti ndikuuzani dzinalo, ndaphunzira tsopano. Koma dziwani kuti kuyambira tsiku limene ndinabereka mwana woyamba, palibe ananditchulanso dzina limenelo. Ndinasanduka amake Tadala kutchalitchi, kumsika, ngakhale pakamwa pa mayi anga ondibala. Amuna anganso pa anthu sakanayerekeza, chifukwa kwathu kumeneko n'kupanda ulemu. Ndinkayesa kuti anaiwala. Kani nthawi yonse imene anali ku Joni ankalilemba mwakachetechete akafuna kutsegula imelo. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana kumbali ngati mnyamata wogwidwa akuba nzimbe.

Akaunti inatseguka, ndipo pamapu panaoneka kadontho. Kanali pa Namadzi pomwepo, kuseri kwa msika. Koma pansi pake analemba kuti foniyo inaoneka komaliza dzulo lake. Masiku onse amene ndinkanamiza amuna anga kuti ili kochajitsa, inali yoyaka, pafupi ndi pamene ndimakhala ndi tomato wanga. Ndikanawauza tsiku loyamba lija, tikanaikhoma, tikanapita ndi apolisi n'kuiliza. Tsopano inali itazima.

Tadala anatumizabe lamulo loikhoma, kenako anasintha pasiwedi n'kuika yaitali yovuta kulota, akuwanena abambo ake kuti chikondi sichitseka chitseko. Titapita kukatseketsa simu, akampani ya mafoni anatiuza kuti abwere mwini wake wolembetsa, moti tinachita kuwakweza odwalawo pa kabaza, chiphaso chili m'thumba. Kupolisi anafunsa nambala yaitali ya foniyo imene imalembedwa pabokosi, ine n'kukumbukira mbaula ija. Anatithandiza mmene akanathera, koma kadontho sikanayakenso. Anatiuza kuti akuba amafafaniza zonse n'kukagulitsa kwina.

Tadala atandipezera foni ina, tinalowa mu akaunti ija. Manambala a abale anabwerera, zithunzi zinabwerera, chifukwa zimenezo amuna anga anali atazikonza kuti zizisungika. Mauthenga a mawu sanabwerere ngakhale umodzi, ndipo foni yawo imene ankawatumizira ali ku Joni inali itawonongeka kalekale. Pamenepo ndi pamene ndinalira, kulira kwenikweni kwa maliro, munthu ali moyo pambali panga akundisisita msana ndi dzanja lake labwino lija. Tinafunsa abale ngati ena anasungako mawu awo, koma onse anali atafafaniza kuti mafoni asadzaze.

Ndiye ndikupempheni, makamaka amayi anzanga. Amuna anu, ana anu kapena wapasitolo akakutsegulirani foni, musangoti zikomo. Funsani imelo yake ndi pasiwedi, muzidziwe pamtima. Simu ikhale m'dzina lanu. Loko musachotse, manja amapukutika pachitenje. Bokosi la foni si nkhuni. Foni ikasowa, nenani tsiku lomwelo kuti abale asapusitsidwe ndiponso kuti muilondole isanazime, koma musakalimbane ndi wakuba nokha, pitani ndi apolisi. Ndipo ngati muli ndi mawu a munthu amene mumamukonda, lolani kuti asungike kwina. Ine ndinaumira bandulo, ndipo bandulo imeneyo sindikumbuka n'komwe kuti ndinaithera chiyani.

Masiku ano m'mawa ndine amene ndimayamba. Ndimatsokomola mwadala, kenako n'kufunsa kuti abambo a Tadala, mwadzuka, kapena tomato akudzithirira yekha? Amaseka, mapewa n'kugwedezeka monga kale. Koma ndikuuzeni zoona, mawu awo ayamba kundithawa m'mutu. Ndimakumbukira zimene ankanena, koma kamvekedwe kake kakuzilala, ndipo palibe pamene ndingakamverenso. Ndikakhala chete nthawi yaitali amadziwa chimene ndikuganiza. Amakoka dzanja langa, n'kulitambasula pabondo pawo, kenako ndi chala chonjenjemera chija amalemba pachikhatho panga dzina langa la kuutsikana.