Ankamutcha Namapopa wa Ng'ombe

Inu amene mukunenedwa zinthu zomwe simunachite, tamverani za Rebeka.

Rebeka analephera mayeso a Folomu 4 kawiri. Ntchito yokha imene anaipeza kwawo ku Msakambewa inali yosungunula mankhwala kudibi, kumene ng'ombe zimasamba kuti nkhupakupa zife. Ndiye chaka china, mvula ili pakati, ng'ombe zinayamba kuchucha dovu, zilonda m'kamwa, maso psuu, kuyenda kotsimphina. A Lester, wapampando wa komiti ya alimi, ananena poyera kuti munthu wolephera masamu sangayeze mankhwala, wawotcha ng'ombe za eni. Anamuchotsa tsiku lomwelo, ndipo analira njira yonse.

Koma panali nkhani imene aliyense ankaidziwa osaitchula. Ng'ombe ikatuluka zilonda m'kamwa, mwini wake ankaipha msangamsanga n'kugulitsa nyama, kuopa kuti a boma akamva aletsa malonda a ziweto dera lonse. Kuloza chala Rebeka kunali kophweka kusiyana ndi kuitana alangizi.

Iye mtima unakana. Anayamba kuyenda khola ndi khola mpaka kumalire a Ntchisi, kumangoyang'ana. Anaona kuti zodwala kwambiri zinali zogona pafupi ndi dambo. Kenako kwa mayi Lenia, mayi wamasiye, anapeza nkhosa yotupa milomo, lilime lili panja, lakuda mobiriwira. Nkhosa, abale, imene sinapondeko kudibi chibadwire!

Alangizi a ziweto anamuuza pafoni kuti popanda magazi okayeza palibe chimene angachite, ayambe wapeza eni ziweto ovomera. Apa mpamene zinathina. Mphekesera inabuka yoti Rebeka wasanduka namapopa wa ng'ombe. Akafika pamjigo, azimayi ankadula nkhani. Makola khumi ndi limodzi anamukana.

"Dzulo mankhwala, lero magazi," anatero a Lester. "Wakutuma ndani, mwana iwe?"

Anavomera ndi mayi Lenia okha, nawonso akumuyang'ana cham'mbali. Anati nkhosayo ikufa kale, ng'ombe yawo imodziyo nayo yayamba, ndiye aopanji. Alangizi anabwera panjinga yamoto n'kutenga magazi. Poti magaziwo ayenera kufika ku labotale akuzizira, Rebeka anagula mafirizesi ku Mponela n'kuunjika m'bokosi lonyamuliramo.

Anadikira masabata asanu ndi awiri. Ena ankati magaziwo anagulitsa. Ngakhale kutchalitchi, benchi imene iye wakhala inkachedwa kudzaza.

Yankho litabwera, dibi munalibemo. Anali matenda a lilime lobiriwira, ofala ndi tizilombo touluka toluma tochepa kuposa udzudzu, timene timaswana m'matope. Komanso mtundu wa kachilombo koyambitsa matendawo sunafanane ndi mitundu imene akatswiri a ku labotale anazolowera kuiona. Anabwera okha ndi galimoto kudzatenga magazi ena, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti anaona nkhosa ija ndani. Alimi anasamutsira makola kumtunda, matenda n'kuyamba kuchepa.

Lero Rebeka amathandiza alangizi m'midzi isanu ndi umodzi, ndipo akuphunzira za ziweto. A Lester sanapepese, ndisakunamizeni. Kungoti m'mawa wina anapezeka pakhomo pake, chipewa chili m'manja.

"Ng'ombe yanga yabere ija yayamba dovu," anatero akuyang'ana pansi. "Sindinaiphe. Tiyeni mukaione, mayi."

Rebeka anavala nsapato n'kutsogola, ndipo ng'ombeyo inapulumuka pamodzi ndi thole lake.

Inu amene lero akukukayikirani, pakamwa pa anthu simungapatseke. Mwina makomo khumi ndi limodzi akukanani kale, ndipo zikuwawa. Musabwerere kunyumba kukalira. Gogodani khomo lotsatira, mtima musautaye.