Gule wa ku Japan pamsika wa Romford

Lero pa chikondwerero cha ku Romford, kuno kudziko la azungu, adutsanso anthu aja ovala ngati asamurai, asilikali akale a ku Japan, zipewa zanyanga, zigoba kumaso. ANaphiri mkazi wanga, chaka chija ndinakunong'onezani kuti, "Gule uyo, watilondola kuchokera ku Dedza." Inu mayi wopemphera munadziphimba chitenje kumutu pakati pa msika n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Chilombo china chinavula chigoba n'kufunsa ngati mwadwala. Anali nesi mnzanu wa kuchipatala. Munandikwiyira masiku awiri.

Chakwana chaka chimwalirireni inu. Ana akuti adadi asiya nthabwala. Sindinasiye ayi, kungoti womunamiza palibe. Ndaima pomwe paja, osaseka, osalira, mpaka onse adutsa. Kenako ndakakwera basi.