Mawu a bambo a Tadala

Ndinadzuka tambala asanalire, khosi litauma chifukwa chotsamira khoma. Amayi a m'limana anali akuimbabe chapansipansi, panja azibambo akuwotha moto. Mwana wanga Tadala anali atagona pamiyendo ya azakhali ake. Bokosi la bambo ake linali pabalaza.

Kunacha ndi chiperoni, phiri la Ndirande osaoneka. Nkhuni zinali zonyowa, utsi wa kumafuwa unadzaza mpanda wonse. Abale a ku Nsanje anafika akunjenjemera. Kenako kunabwera anthu a bungwe limene amuna anga ankathandizako, atavala matisheti ofanana. Bungwelo linkaika mapulogalamu aulere m'makompyuta akale a m'masukulu, n'kumaphunzitsa kuti pulogalamu yabwino ndi imene aliyense angaikopere, kuisintha ndi kupatsako mnzake. Loweruka lililonse amuna anga ankalawirira ndi chikwama cha masidi, kubwera kutada.

Pagulupo panali mayi wina wamagalasi. Analowa m'nyumba, n'kugwada pabokosi, n'kulira kuposa ine. Amayi anayamba kuyang'anizana. Ine ndinangokokera chitenje kumaso.

Nthawi ya zolankhula, woimira bungwe anali yemweyo. Ananena kuti malemu anajambula mawu awo m'Chichewa pa pulogalamu yophunzitsa ana zilembo, ndipo anakana kuti izigulitsidwa.

"Ana a ku Bangwe ndi ku Chilomoni amawamva m'kalasi," anatero. "Aliyense angathe kutenga osapempha kwa munthu."

Ndinakumbuka mmene amuna anga ankadzifunditsira bulangete pamodzi ndi laputopu, n'kutiuza kuti tikhale chete. Sindinawafunsepo. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, ndinkaopa kufunsa zopusa. Tsono mayi uja ankadziwa zonse, ana a eni ake ankamva mawu a mwamuna wanga, koma wanga mwana ayi. Osapempha kwa munthu, ngakhale kwa ine.

Kumanda tinapita pa lole, enawo akutsatira m'matope. Nditaika nkhata yanga, anaitana a bungwe. Amene anaika nkhata yawo ndi mayi wamagalasi uja, ndipo inali yaikulu kuposa yanga.

Madzulo anthu atabalalika, mayi uja anabwera kudzatsanzika. Anagwada pakhomo la kuchipinda, maso ali pa laputopu imene inali pakabati.

"Mayi a Tadala, ndikuyatsireni muwamve?"

Pakamwa panga panali podzaza ndi ayi. Koma Tadala anali atandigwira chitenje, ndipo panyumba ponse panalibe wina wodziwa kuyatsa.

"Mungondionetsa podina," ndinatero. "Ndiyatsa ndekha."

Anandionetsa kawiri, osandiseka, n'kumapita. Ndinadikira mpaka geti itatsekedwa. M'nyumba munali zii, apongozi atagona pamkeka pamene panali bokosi paja. Ndinayatsa, n'kugwira chala cha Tadala, tonse n'kudina chilembo chimodzi.

"Wakhoza, mwanawe!"

Atamva mawu a bambo ake, Tadala anatembenukira kuchitseko, n'kudikira.

Ndinatsitsa mawuwo kuti apongozi asamve. Mawa awamve a ku Bangwe, awamve aliyense. Madzulo amenewo ndinafuna akhale a ife awiri basi.