Tsiku limene ndinawerenga mtima ndekha

A Mbewe, aphunzitsi anga, lero kuntchito kwafika makina atsopano oyezera mtima, ndiye ndakukumbukirani mpaka misozi. Ndakumbuka kamakina kanu kakale ka ECG kaja pachipatala cha mishoni ku Dowa, m'zaka za m'ma 80, ine ndikuphunzira unamwino. Tsiku lina anabwera nawo pangolo bambo ena olima fodya ku Chezi, atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Abale awo ankati ndi chilungulira chabe. Munandipatsa mawaya n'kunena kuti, "Mata wekha, Nabanda." Ndinamata mawayawo pachifuwa pa bambowo, kapepala kanatuluka m'makinamo. "Ukuona chiyani?" munandifunsa. Ndinayankha kuti, "Mzere uwu wakwera pamene umayenera kugona. Mtsempha wa mtima watsekeka." Munangoyang'anapo kamodzi, n'kukuwa kuti abweretse asipirini ndi mpweya msangamsanga.

Patapita masabata awiri, bambo aja anatuluka m'chipatala akuyenda okha. Akazi awo atagwada kuti akuthokozeni, munawadzutsa n'kuloza ine pamaso pa wodi yonse: "Mayi, thokozani mwana uyu. Waona ndi iyeyu, osati ine." Ndakalamba ndikuphunzitsa ena ntchito imeneyi, koma ulemu woposa umenewo sindinaulandirepo. Pumulani bwino, a Mbewe, simunavutike pachabe.