Simenti Pansi pa Mtengo wa Mango

Mayi Melina anabadwira pafamu ya fodya ku Mvurwi, m'dziko la Ashona, kwa makolo ochokera ku Dedza. Mafamu atasintha eni, anathera ku Rugare, m'kanyumba koyang'ana njanji, n'kumagulitsa tomato pageti. Chimene chinkawatonthoza pakhomopo chinali mtengo wakale wa mango, pakuti mvula ikagwa unkadzaza mphalabungu, zija Ashona amati madora.

Ankazidziwa ngati ana awo. Chigulugufe chachikulu ngati chikhatho, chamaso pamapiko, chinkaikira mazira pamasamba n'kufa osalawa kanthu, poti chilibe pakamwa. Timphutsi tinkadya, kufundula, kunenepa ngati chala, kenaka n'kutsika kukadzikwirira m'dothi kudikira mvula ina. Mayi Melina ankatola zina, zina n'kuzileka zitsike, monga ankachitira amayi awo m'mitengo ya mitondo kufamu.

Ndiye kunabwera Lawson, mkamwini, mwamuna wa mwana wawo Agnes. Anali woitanira anthu pamakombi, maminibasi akumeneko, wansapato zosongoka ndi mimba yodalira mbale za eni. Ntchito yake pakhomo inali kusamba m'manja. Mphalabungu zokazinga ankazitapa ndi zala zonse, ana akumuyang'ana.

Chilimwe china, mayi Melina ali kumaliro, Lawson anakokera pakhomo chiphapha cha galimoto yopanda injini. Anati bwana saimika galimoto pafumbi, nathira simenti kuyambira patsinde la mango mpaka pageti. Pobwera, mayiwo anapeza itauma gwa. Mkamwini sakalipiridwa pamaso, choncho anangolowa m'nyumba.

Mvula inagwa. Ankayang'ana pababu la pakhonde, koma chigulugufe sichinabwere. Masamba anakhala athunthu, osabooka n'limodzi lomwe.

Tsiku lina pa chakudya, Lawson anasuzumira m'mbale. "Agnes, tafunsa amayi, madora achedwa bwanji chaka chino?"

Mayi Melina anayankha akuyang'ana mwana wawo. "Auze amuna akowa kuti ndiwo zawo zilipo. Zili pansi pa galimoto. Anazivundikira okha kuti zisazizidwe."

"Aa, amayi! Zimene zija zimagwa ndi mvula!" anatero Lawson.

"Auze atuluke akayasamule kukamwa, mitambo ikadalipo."

Anamukankhira mbale ya masamba, natuluka kukasanja tomato wawo.

Galimotoyo idakali pomwepo, yokwera panjerwa, nkhuku zikuikiramo. Mphalabungu sizinabwerenso. Mango akubereka ndithu, koma mayi Melina podutsa pamtengopo sayang'ananso m'mwamba.