Tsiku limene mutu unandiyabwa

Pamsonkhano wa ife amalonda pa Lirangwe, matelala ena anati a Juwawo, telala wochokera ku Mozambiki, achoke pamsika poti akuwalanda makasitomala. Ogwirizana nazo anauzidwa kukweza manja. Ine, amene ana anga amavala mayunifolomu osoka a Juwawo omwewo, ndinaopa maso a anzanga. Ndinakweza dzanja mpaka pakhutu, kenaka n'kuyamba kukanda mutu ngati ndili ndi nsabwe.

Anawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato, amene anakalipa mpaka manja onse anatsika. Mayiwo ndimawathokozabe, chifukwa ananena zimene ine ndinameza.

M'mawa mwake ndinapita kukatenga thalauza langa. A Juwawo analipinda bwinobwino, n'kundipatsa akumwetulira.

"Achimwene, mutu uja wasiya kuyabwa?"